Kutsatira ligi ya mpira wa amayi ya ku Italy muli ku Ulongwe: kope, wotchi ndi mamega ochepa

Ambiri a ife kuno ku Angónia ligi ya amayi ya ku Italy tinaidziwira kwa munthu mmodzi, Tabitha Chawinga. Mu 2022 anapita ku Inter pangongole kuchokera ku timu ya ku Wuhan, ku China, ndipo sizoni imeneyo anamwetsa zigoli 23, kuposa wosewera wina aliyense mu Serie A ya amayi. Panalibe mayi wa ku Africa amene anachitapo zimenezi iye asanafike. Kwawo ndi ku Rumphi, kutali kuposa ku mzinda wa Tete, koma ife a m'malire timamvera wailesi za mbali zonse ziwiri, ndiye tinangomutenga kukhala wathu. Chaka chotsatira anapita ku PSG, kenako ku Lyon, ndipo anthu ambiri anasamuka naye limodzi. Ine ndinatsalira ku Italy komweko.

Ntchito yanga ndi yotchaja ndi kukonza mafoni pamsika wa Ulongwe, choncho za mabatire, netiweki ndi mamega ndimaswera nazo tsiku lonse. Ndikulembera munthu amene alibe dishi, alibe intaneti ya mwezi wathunthu, koma akufuna kuti Meyi akamafika adziwe amene watenga ligi, adziwenso mmene waitengera.

Vomerezani kaye kuti masewero ambiri simudzawaonera. Ligi ya matimu 12, iliyonse kusewera ndi inzake kwawo ndi koyenda, imakhala ndi masewero 132. Ngakhale wa ku Roma weniweni sawatha onse. Chimene mungathe ndi kudziwa zotsatira za onse, kuona zigoli za ambiri, ndi kuonera athunthu owerengeka okha amene mwawasankha dala.

Mmene ligi yamangidwira chaka chimenecho

Aku Italy sachedwa kusintha malamulo, ndiye musadalire zimene munamva zaka ziwiri zapitazo. Sizoni ya Tabitha ija, ya 2022-23, munali matimu 10 okha. Timu iliyonse inkasewera masewero 18, kenako ligi inkang'ambidwa pakati. Asanu apamwamba ankapita ku gulu lolimbirana ukatswiri, poule scudetto, asanu apansi ku gulu lothawa kutuluka, poule salvezza, ndipo timu iliyonse inkaseweranso ena 8 itasenza mapointi ake akale. Popeza asanu sagawika pawiri, sabata iliyonse timu imodzi m'gulu inkapuma. Zinayenda choncho masizoni atatu. Mukapeza tebulo lakale likuonetsa masewero 26, chifukwa chake n'chimenecho.

Kuyambira 2025-26 matimu anakwana 12, kung'amba kuja kunatha, dzina linasanduka Serie A Women, ndipo timu iliyonse imasewera 22 basi. Chaka chimenecho kunakwera Ternana, Parma ndi Genoa, kudzapeza Juventus, Inter, Roma, Fiorentina, Milan, Lazio, Como, Sassuolo ndi Napoli. Sizoni isanayambe, fufuzani zinthu ziwiri zokha pa tsamba la FIGC, bungwe loyendetsa mpira ku Italy: matimu angati atuluke, ndi angati apite ku mipikisano ya ku Ulaya. Mu 2024-25 anapita atatu apamwamba. Popanda kudziwa zimenezi, masewero a timu yachitatu ndi yachinayi mwezi wa Epulo mudzawaona ngati opanda phindu, pamene ndi amene amakhala ndi moto.

Pambali pa ligi pali Coppa Italia, chikho chochotsana, ndi Supercoppa, masewero amodzi okha. Mu 2025 anawonjezeranso chikho china choseweredwa ligi isanayambe. Zotsatira za zikho musazisakanize ndi za ligi. Juventus ndi Roma amatha kukumana kanayi kapena kasanu pa chaka, ndipo pa Facebook anthu amangoponya zigoli osanena kuti ndi za mpikisano uti.

Sankhani timu imodzi

Munthu wopanda timu satha sizoni. Amayamba bwino, pofika Novembala wataya. Ndiye sankhani, ndipo kuti musankhe bwino mufunika mbiri pang'ono.

Ligi imeneyi si ya dzana. Inayamba mu 1968, ndipo timu imene yaitenga kambiri si iliyonse mwa zimene mukuzidziwa kwa amuna. Ndi Torres ya ku Sassari, pa chilumba cha Sardegna, imene inaitenga ka 7, ndalama zisanaigwetse mu 2015. Kalelo ligi inali ya matimu otere, a m'matauni ang'onoang'ono, oyenda ndi thumba la munthu mmodzi kapena awiri: Torres, Verona, Brescia, Tavagnacco. Zinasintha FIGC italamula mu 2015 kuti matimu aakulu a amuna azikhala ndi magulu a atsikana. Fiorentina ndiyo inayamba kulowa, n'kutenga ligi mu 2017. Chaka chomwecho Juventus inagula malo a timu ya Cuneo. Mu 2018 Milan inagula malo a Brescia, Roma inatenga a Res Roma, ndipo Inter nayo inalowa, kuyambira ligi yachiwiri. Kenako pa 1 Julayi 2022 ligi yonse inakhala yaganyu weniweni: osewera kukhala ndi kontirakiti, malipiro osachepera muyeso woikika, ndi ndalama za penshoni. Izi zisanachitike, ngakhale kaputeni wa timu ya dziko malamulo ankamuwerenga ngati wosewera mpira wachisangalalo.

Ngati mtima wanu sufuna mavuto, tengani Juventus. Inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2022, kanayi ili ndi mphunzitsi Rita Guarino, kachisanu ndi Joe Montemurro, ndipo mu 2020-21 inapambana masewero onse 22, mapointi 66, osataya olo imodzi. Inabwereranso mu 2025 ndi Massimiliano Canzi, kutenga ligi ndi Coppa Italia yomwe. Ngati mumakonda mpira wopatsirana pansi, tengani Roma, imene inathetsa ufumu wa Juventus mu 2023 ili ndi Alessandro Spugna, n'kubwerezanso mu 2024. Pakati pa bwalo pa timu imeneyi pali Manuela Giugliano, wovala nambala 10, mayi woyamba wa ku Italy kulowa pa mndandanda wa opikisana pa Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wopambana onse pa chaka, mu 2024. Fiorentina ndi ya anthu opirira. Milan ndi ya anthu opirira kwambiri.

Ine ndine wa Inter, ndipo sindibisa kuti ndinalowera kwa Tabitha. Chaka chimene iye anamwetsa 23 chija ligi inapita ku Roma, ndipo pofika 2025 Inter inali isanailawepo, ngakhale mu 2024-25 inathera pachiwiri ndi Gianpiero Piovani. Koma ndimaona kuti timu yongoyandikira imakuphunzitsa mpira kuposa timu yongopambana, chifukwa umakakamizika kufunsa kuti mapointi atayikira pati.

Posaka pa intaneti, kutsogolo kwa dzina la timu muziwonjezera Women kapena Femminile, apo ayi foni ikupatsani za amuna zokhazokha. Chenjeraninso ndi Como ndi Napoli. Como Women si ya eni ake a Como 1907 ya amuna, amene ali ndi timu yawoyawo ya amayi, ndipo Napoli ya amayi si ya eni ake a Napoli imene mumaiona pa kanema. Nkhani zawo simungazipeze pa masamba a amunawo.

Ola limodzi limene limasocheretsa anthu

Ife kuno ku Mozambique, ngati anzathu a ku Malawi, wotchi yathu ndi imodzimodzi chaka chonse. Aku Italy ayi. Kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala, nthawi yawo ndi yathu n'chimodzimodzi. Koma kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi iwo amakhala m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo gawo lalikulu la sizoni limagwa m'miyezi imeneyi. Ndiye chithunzi cha timu chikalemba 12:30 mwezi wa Januwale, kuno ndi 13:30. Chikalemba 15:00, kuno ndi 16:00. Chikalemba 18:00, kuno ndi 19:00.

Msampha uli apa: mapulogalamu a zotsatira monga Sofascore ndi Flashscore amasintha okha nthawi kuti igwirizane ndi foni yanu, pamene zithunzi zimene matimu amaika pa Facebook ndi pa Instagram zimalemba nthawi ya ku Italy. Mukaona pa pulogalamu, musawonjezere ola. Mukaona pa chithunzi m'miyezi ija iwo ali m'mbuyo, wonjezerani. Ndiponso onani kuti foni yanu yaikidwa pa nthawi ya Maputo kapena ya Blantyre. Mafoni ambiri ogula kwa munthu amabwera ali pa nthawi ya dziko lina, mwini wake anangokonza manambala ndi dzanja. Foni yotere imaonetsa ola lolondola pamwamba, koma pulogalamu ija imakunamizani. Imeneyi ndimaikonza pafupifupi sabata iliyonse pa benchi langa.

Masewero ambiri amakhala Loweruka ndi Lamlungu, ndipo ambiri amayamba masana. Kwa ife n'zabwino. Ya 13:30 Lamlungu imakupezani mwaweruka ku tchalitchi, nsima mwadya. Vuto ndi Sepitembala ndi Okutobala, pamene 12:30 imakhala 12:30 yeniyeni, ndipo amene mapemphero awo amatalika amapeza chigawo choyamba chatha.

Sizoni yawo pa kalendala yathu

Ligi imayamba pakati pa kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Okutobala, malinga ndi chaka, ife tikusosa ndi kukonza mizere. Masabata oyambirirawa musawakhulupirire kwambiri. Osewera atsopano amakhala asanazolowerane, ndipo matimu aakulu mutu umakhala uli ku masewero olowera mu Champions League.

Novembala ndi Disembala, mvula yoyamba ikagwa, ndi nthawi imene tebulo limayamba kunena zoona, komanso ndi nthawi imene inu mulibe mpata. Musadzivute. Ingolembani zotsatira Lamlungu madzulo. Chapakati pa Disembala amapuma, kubwerera mu Januwale. Mwezi wa Januwale msika wa osewera umatsegulidwa, ndiye musadabwe kuona womwetsa zigoli wa timu yanu atavala malaya ena. Moçambola, ligi yathu ya ku Mozambique, imakhala itatha, ife ochemerera UD Songo tili manja lende, ndipo ligi ya ku Italy imatseka bwino mpata umenewo.

Pamakhalanso masabata amene ligi imaima chifukwa matimu a mayiko akusewera, nthawi zambiri mu Okutobala, kumapeto kwa Novembala, chakumapeto kwa Febuluwale ndi mu Epulo. Mukatsegula foni n'kupeza kulibe masewero, si kuti yawonongeka.

Malichi ndi Epulo, tikudya mondokwa ndipo mbatatesi zayamba kutuluka ku Tsangano, m'thumba mukugwera kenakake, ndiyo nthawi yoonera mpira wathunthu. Ligi imagamulidwa pamenepa. Roma inatsimikiza ukatswiri wake woyamba kumapeto kwa Epulo 2023, masewero ena akadalipo. Mukadikira sabata yomaliza ya Meyi mukhoza kupeza mwambo unatha kale.

Mamega

Mamega ali ngati thumba limodzi la feteleza: sumwaza munda wonse, umathira pa phando. Ndimawagawa patatu.

Zotsatira sizidya kanthu. Ikani pulogalamu imodzi yokha ya zotsatira, sakani Serie A Women, dinani kanyenyezi pa ligi ndi pa timu yanu, ndipo muzimitse mauthenga ena onse kupatula a zigoli ndi a kutha kwa masewero. Mukasiya onse oyaka, foni izilira pa kona iliyonse ndipo batire silifika madzulo. Muzitsegula pulogalamuyo ola limodzi masewero asanayambe, chifukwa ndi pamene amatulutsa maina a osewera 11 oyamba ndi kaimidwe kawo.

Zigoli ndi mbali zokoma za masewero zimapezeka pa YouTube, pa masamba a matimu eni ake ndi a mpira wa amayi a FIGC, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kanema wake amakhala wa mphindi zochepa. Musanadine, lowani pa kachizindikiro ka zosintha, muike 240p kapena 360p, muzimitsenso kuti kanema wina asamayambe yekha winayo akatha. Kuyamba kokhaku n'kumene kumamaliza mamega a anthu, osati mpira. Pa 240p nambala ya pamsana simuiona, koma mpira ndi mizere ya osewera zimaoneka, ndipo n'zimene mukufuna. Kaya muli pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel, yang'anani mabando a usiku kapena a YouTube yokha, mulipire pa e-Mola kapena M-Pesa nthawi imene mukufuna kuonera, osati m'mawa, kuti mamega asathere pa mavidiyo a m'magulu a WhatsApp.

Masewero athunthu ndiye odula. Ku Italy amaonetsedwa pa kanema wolipira wa DAZN, ena pa kanema wa boma wa Rai, ndipo zambiri zoulutsidwa kumeneko zimatsekedwa kwa anthu a kunja. Kumayambiriro kwa sizoni onani pa masamba a ligi kuti chaka chimenecho a kunja akuonera pati. Pamene mpata wapezeka, ola limodzi ndi theka pa 360p limadya mamega mazana angapo, ndiye sankhani masewero anu sizoni isanafike pakati: timu yanu ndi Juventus, timu yanu ndi Roma, ndi ya pachiweniweni ya ku Milano, Inter ndi Milan, imene mu Disembala 2024 inaseweredwa koyamba pa bwalo lalikulu la San Siro. Sonkhanani anthu anayi kapena asanu, aliyense aponye mametikali ake, muonere pa foni imodzi ya sikirini yaikulu.

Maulalo amene amayendayenda m'magulu, olonjeza masewero aulere, asiyeni. Amakuuzani kuti muike kaye kapulogalamu kena, ndipo mawa lake foni ili pa benchi langa ikungotsegula yokha zotsatsa za juga. Za kubetcha nazo ndinene poyera: ligi imene simukuidziwa osewera ake ovulala si yoikapo ndalama ya ndiwo.

Inu a ku Calómue, ku Lizulu ndi m'midzi yotsata msewu wa malire, foni imatha kudumphira yokha pa netiweki ya ku Malawi. Lowani pa zosintha, musankhe netiweki ndi dzanja, muzimitse roaming. Nyengo ya mvula tchajani foni ndi pawabanki Loweruka m'mawa, chifukwa mitambo ikaphimba sola sakoka, ndipo mphepo ikawomba magetsi amatha kuthima masewero ali pakati.

Kope

Apa ndi pamene pagona zonse, ndipo sipafuna mega ngakhale imodzi. Gulani kope la masamu, la timabokosi, ndi pensulo ya rabala. Bolopeni ayi.

Tsamba lililonse lakumanzere ndi la sabata imodzi ya ligi. Aku Italy amati giornata, ndipo ife tinazolowera jornada sitisochera. Pamwamba lembani nambala ya sabatayo ndi deti, pansi pake masewero 6 ndi zotsatira, timu ya pakhomo kumanzere nthawi zonse. Pafupi ndi chotsatira lembani omwetsa zigoli, mwina ndi mphindi yake. Masewero akaimitsidwa, siyani mzere wake wopanda kanthu, mudzalembe tsiku limene adzaseweredwe, pa tsamba lomwelo.

Tsamba lakumanja ndi la tebulo. Mizere 12, mizati 7: masewero, kupambana, kufanana mphamvu, kugonja, zigoli zomwetsa, zigoli zomwetsedwa, mapointi. Kupambana ndi mapointi 3, kufanana ndi 1. Tebulo limeneli muziliwerengera nokha kuchokera pa la sabata yatha, kenako n'kuyerekeza ndi la pa foni. Mukangokopera, simuphunzira kanthu. Mukawerengera nokha, dzanja limazindikira zinthu maso asanaone: kuti timu iyi yatha masabata anayi osamwetsedwa, kuti iyo imapambana kwawo kokha, kuti inayo zigoli zake zonse akumwetsa munthu mmodzi, ndipo tsiku limene adzavulale kwatha.

Pali njira yodziyesera. Mukaphatikiza mzati wa zomwetsa, uyenera kufanana ndendende ndi wa zomwetsedwa. Kupambana konse kuyenera kufanana ndi kugonja konse. Mzati wa kufanana mphamvu uyenera kugawika pawiri popanda chotsala. Kope lathu amasunga ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, amene amasewera kumbuyo pa timu ya kusukulu kwawo. Lolemba akaweruka amakhala pa kabokosi ka mabatire, kope pa bondo, pensulo ili kukamwa.

"Amalume, sizikugwirizana. Zomwetsa zikuposa ndi ziwiri."

"Yamba ndi timu zagonja, uone ngati wazilembera zonse."

Amatsika ndi chala mzere ndi mzere, n'kupeza kuti timu imene yagonja 2-0 sanaiwonjezere kanthu. Aphunzitsi ake a masamu sadziwa kumene changu chophatikiza anachitenga.

Matimu awiri akafanana mapointi, musathamangire kuika pamwamba ya zigoli zambiri monga amachitira ku England. Ku Italy kawirikawiri amayamba ndi kuona mmene awiriwo anachitira atakumana okha. Ndi chifukwa china chosungira masamba akumanzere aja.

Kumapeto kwa kope siyani masamba awiri a omwetsa zigoli, dzina ndi timizere tamayimiritsa, chachisanu chopingasa. Kuti mudziwe muyeso wake: Evelyne Viens wa ku Canada anatsogola mu 2023-24 ndi zigoli 13 ali ku Roma, Cristiana Girelli wa Juventus anatsogola mu 2024-25 ndi 19. Mukaika 23 za Tabitha pambali pa manambala amenewa, ndi pamene mumvetse chimene anachita, ali pa timu imene sinali pafupi n'komwe ndi ukatswiri.

Kuona zambiri m'kanema wa mphindi zochepa

Chigoli chilichonse muzichionera kawiri. Koyamba sangalalani. Kachiwiri imitsani kanema mpira womaliza usanaperekedwe, muwerenge otchinga kumbuyo. Ali atatu kapena anayi? Ali pa mzere umodzi, kapena wina watsalira? Ku Italy matimu angapo amasewera ndi atatu kumbuyo ndi awiri othamanga m'mbali kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, ndipo zigoli zambiri zimachokera pa mpata umene wa m'mbaliyo wasiya atakwera. Tabitha ankadya pamenepo. Ankaima paphewa pa wotchinga womaliza, mpira ukangoponyedwa kumbuyo kwawo, liwiro linkamaliza nkhani. Girelli ndi wa mtundu wina. Sathamanga choncho, koma yang'anani kumene amakhala mpira usanadutse kuchokera m'mbali: amazemba kumsana kwa womulonda, ndipo akamadumpha amakhala ali yekha.

Musakhumudwe ndi mabwalo. Roma imasewera pa Tre Fontane, Juventus inasamukira ku Biella, Inter pa Arena Civica, Fiorentina pa Viola Park, ndipo onsewa ndi aang'ono, kamera nthawi zina imaloza mbali yopanda anthu. Koma pa 24 Malichi 2019, Juventus itatsegulira amayi bwalo lake lalikulu la ku Torino, anthu oposa 39,000 anabwera kudzaona ikugonjetsa Fiorentina 1-0. Mu Malichi 2023 chiwerengero chonga chomwecho chinabwera pa bwalo la Olimpico ku Roma kudzaona Roma ndi Barcelona mu Champions League. Bwalo laling'ono lilinso ndi ubwino wake kwa ife a pa foni: mawu a mphunzitsi ndi a goloboyi amamveka.

Pa benchi sipalephera kufika munthu wonena kuti, "Achimwene, mukutha mamega ndi mpira wa azimayi?" Sinditsutsana naye. Ndimangomupatsa foni aone mphindi ya 90 ya Italy ndi Norway, mu Julayi 2025 ku Geneva, pa mpikisano wa mayiko a ku Ulaya: Sofia Cantore akudutsitsa mpira kuchokera kumanzere, Girelli akutulukira kumtengo wakutali ndi mutu, chigoli chake chachiwiri tsikulo, Italy n'kulowa mu ndime ya matimu anayi. Akafunsa ngati a kuno kwathu angalimbe nawo, ndimamuonetsa ya mu 2023 ku Wellington, South Africa ikuthamangitsa Italy mu World Cup ndi 3-2, Thembi Kgatlana akumwetsa m'mphindi zowonjezera. Kaputeni wa Banyana, timu ya South Africa, pa mpikisano umenewo, Refiloe Jane, mpira wake ankasewerera ku Italy komweko, ku Milan kenako ku Sassuolo. Ambiri amabweza foni n'kufunsa kuti Inter isewera liti.

Ligi ikatha mu Meyi

Tsekani tebulo lomaliza ndi bolopeni, ndipo pansi pake mulembe akatswiri, opita ku Ulaya, otuluka, ndi wotsogola pa zigoli. Musazimitse pulogalamu msanga, chifukwa fainolo ya Coppa Italia imabwera chakumapeto komweko. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya msika, ndipo ligi imeneyi imataya anthu ake abwino: mu 2025 mokha Arianna Caruso anapita ku Bayern, Cantore ku Washington Spirit, Elena Linari ku London City Lionesses, ndipo Sara Gama, kaputeni wakale wa Juventus ndi wa timu ya dziko, anasiya mpira. Lembani za kusamuka kwa wosewera pokhapokha timu yake yalengeza pa tsamba lake, osati mwangomva m'gulu. Pa tsamba loyamba la kope latsopano lembani matimu amene atsala, musiye mizere ya okwera kuchokera ku Serie B, ligi yachiwiri, yopanda kanthu mpaka FIGC itulutse mndandanda, chifukwa ku Italy zimachitika kuti timu yakwera kapena yapulumuka pabwalo, koma n'kukanidwa kulembetsa chifukwa cha ndalama.